Tsiku Limene Sinowo Inagwa pa Bwalo la ku Zingalume

Loweruka lapitali ndinayimbira mpira nditamanga kamera pachipumi.

Amene munali ku Zingalume mwaseka kale mokwanira, ndipo ena mwa inu mukumandipatsa moni mutayang'ana kumbali kuti ndisaone mano. Ndiye lero ndati ndifotokoze ndekha mmene munthu wa imvi, amene anaphunzitsa ana anu mpaka kupuma pantchito, anafikira pothamanga m'fumbi ndi kabokosi pamutu ngati wa ku mgodi.

Nkhani inayamba ndi Tisauke Banda, mtsikana amene amasewera kutsogolo m'timu ya akazi ya ku Zingalume. Ndinamuphunzitsa ali wamng'ono. Masamu ankamuvuta, koma mwendo wake wamanzere sunavutikepo ndi kanthu, ndipo magoloboyi a m'boma lathu lino la Chadiza amaudziwa bwino. Mwezi watha kochi wina wa timu yaikulu ku Chipata anamva mbiri yake. Anati kuno sangabwere, koma timutumizire vidiyo ya masewera amodzi, akakhutira adzamuitana kukayesedwa.

Mpikisano wathu wa m'midzi timachita mu Juni ndi Julaye, anthu atakolola. Komiti ya mpikisanowu inagulitsa soya wa m'munda wa timu, n'kugwirizana kuti pagulidwe kamera. Osankha kamerayo tinali awiri. Ine anandisankha chifukwa ndinali mphunzitsi. Alamu anga a Yotamu, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga, anawasankha chifukwa ali ndi foni yaikulu.

Tinakhala pakhonde panga, alamu atagwira foni ndi manja awiri.

"Alamu, foni siyifuna nkhani zambiri," anatero. "Mumayiuza mwachidule. Mpira wathuwu timasewera nyengo yanji?"

"Yozizira."

"Basi."

Analemba m'Chingelezi kuti tikufuna kamera yabwino yojambulira masewera a nyengo yozizira.

Zimene zinatuluka, abale anga! Azungu atavala zovala zotukumuka ngati matumba a thonje, atamangirira matabwa kumapazi, akutsetsereka m'mapiri oyera mbee. Choyeracho ndiye sinowo, madzi oundana amene amagwa ngati ufa kumayiko akutali uko. Mpira sunaonekepo ndi umodzi womwe.

Ine ndinaona pomwepo kuti tasochera. Ndinanena? Ayi. Ndinakhosomola pang'ono, n'kugwedeza mutu ngati ndikuwerenga mozama. M'mtima ndinkati mwina alamu akudziwa kanthu kena kamene ine sindikudziwa, ndipo ndikafunsa adzapita kukauza achemwali awo kuti aphunzitsi zinthu zamasiku ano zawasiya.

Alamu ankawerenga mokweza, akumasulira okha. Kuzizira kumapha batire, choncho batire lapadera lizikhala pamalo otentha a thupi. Mabatani akhale aakulu kuti munthu azidina atavala magolovesi. Kamera ikhale yaing'ono, yomangirira pamutu, kuti manja akhale omasuka. Ndipo popeza malo oyera amathobwa m'maso, woijambulitsa aichepetse kuwala.

"Koma alamu," ndinayesa mwaulemu, "kwathu kuno kuli koyera?"

"Nanga sikuzizira? Inu m'mawa uno simunaothe moto?"

Ndinaotha. 

Tinakwera minibasi ya ku Chipata. M'sitolo ya zamagetsi tinapezamo mayi wina wachikulire, magalasi ali pamphuno. Alamu anamuonetsa chithunzi cha pafoni. Mayiyo anayang'ana chithunzicho, anayang'ana nsapato zathu zofiira ndi fumbi, kenaka anatiyang'ana ife.

"Abambo, mukajambula chiyani?"

"Masewera a nyengo yozizira," anatero alamu.

"Masewera ake ati?"

"Mpira."

"Inu mudzaima pati?"

Funso limeneli foni sinatifunse. Mayiyo anatulutsa kamera ina, yooneka yachikale pang'ono, n'kutionetsa mmene imakokera zakutali kuti zifike pafupi. Anati imeneyi mumaiyika pa choimikira cha miyendo itatu, m'mbali mwa bwalo, n'kumangoitembenuza kutsata mpira. Anati kakang'ono kamene tikufunako ndi ka munthu amene akufuna kuonetsa zimene iye mwini akuona, osati ka wojambula anzake.

Alamu anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene wagwira wakuba. Anandinong'oneza kuti, "Akufuna atigulitse katundu wokhalitsa."

"Tipatseni kakang'onoko, mayi."

Mayiyo anakakulunga bwinobwino. Tikutuluka anati, "Mukafika ku Chadiza mundiimbire, ndimve ngati kwayamba kugwa sinowo." Alamu anati ndi nsanje.

Tsiku la masewera linafika: Zingalume ndi Mlolo. Anthu anabwera panjinga, pangolo, ena pansi, ndipo bwalo linadzaza mpaka kumunda wa mpendadzuwa. M'mawa kunazizira ndithu, koma pofika masana dzuwa linali litakwiya monga limachitira. Alamu anafika atavala jekete ziwiri ndi magolovesi a panjinga yamoto, mkono wamanzere ataupanikiza kunthiti. Batire lapadera linali m'khwapa.

Vuto loyamba linali lakuti kamera ivalidwe ndi ndani. Alamu anati ndi Tisauke, poti vidiyo ndi yake. Anali atayamba kale kumuyesa lamba pamutu pamene amake Tisauke anafika. Amenewa ndi mayi wosalankhula zambiri, amene amatsogolera kwaya ku tchalitchi kwathu.

"A Yotamu, ndifunseko. Kameneka kakakhala pamutu pa mwanayu, kadzajambula ndani?"

"Masewera ake."

"Nanga iyeyo adzaonekamo?"

Alamu anayang'ana kamera, anayang'ana Tisauke, kenaka anayang'ana kumwamba. Sanachedwe kupeza yankho. Munthu amene amakhala pafupi ndi mpira nthawi zonse koma osaumenya ndi mmodzi yekha: woyimbira. Maso onse anatembenukira kwa ine.

Ndikanakana. Ndili ndi pakamwa. Koma pamaso pa khamu lonse lija alamu anati, "Aphunzitsi ndi amene amamvetsa zinthu zamakonozi," ndipo ine ndinawerama ngati mwana wobatizidwa, iwo n'kumanga lamba.

Mpira unali wokoma, zimenezo palibe angatsutse. Mlolo inayamba kugoletsa. Tisauke anabweza ndi mutu. Mlolo inagoletsanso, Tisauke anadutsa anthu atatu n'kubweza ndi mwendo wamanzere uja, goloboyi n'kungotsala atakhala pansi. Kutangotsala pang'ono kuti mpira uthe, anaponyeredwa mpira wautali, anathamanga yekha, n'kuugwedeza ukonde kachitatu. Anthu a ku Zingalume analowa m'bwalo akuvina.

Ine ndinayimba wezulo. Ndinakana chigolicho. Ofusayidi.

Tisauke anabwera ali wefuwefu, manja ali kumbuyo monga ankachitira m'kalasi.

"Aphunzitsi, mwaona bwino?"

"Ndaona ndi maso angawa," ndinatero, ndikuloza maso anga onse awiri.

Sanatsutse. Mpira unatha zigoli ziwiri kwa ziwiri, ndipo ndinachoka pabwalo ndikuperekezedwa ndi mawu amene sindingalembe m'nyuzi imene ana amawerenga.

Tsopano panatsala kukonza vidiyo. Pulogalamu yokonzera anaisankhanso alamu, pa tsamba lomwe lija la azungu a matabwa. Anati ndi yanzeru kwambiri: umangoithira zimene wajambula, iyo imadula yokha, imakongoletsa yokha, n'kuikamo ndi nyimbo. Anakhala nayo pa laputopu Lamlungu lonse, mapemphero osapita, ndipo sanalole aliyense kusuzumira. Iwonso, ndinamva pambuyo pake, sanaonere mpaka kumapeto. Anakhulupirira makina.

Lolemba masana tinasonkhana m'kalasi ina pasukulu. Panali komiti yonse, matimu onse awiri, amake Tisauke, ndi mayi a kunyumba kwanga amene anabwera kudzaona ntchito ya achimwene awo ndi amuna awo. Tinatseka mawindo ndi zitenje. Alamu anadina batani.

Choyamba kuoneka chinali mdima. Paja kamera tinaichepetsa kuwala poopa malo oyera, ndiye bwalo lathu lofiira linaoneka ngati kukubwera chimvula. Kenaka, pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba pa chithunzi, tinthu toyera tinayamba kugwa. Tinagwera pa mitengo ya mango. Tinagwera pa ng'ombe za a Zulu zimene zinali kuseri kwa golo. Pulogalamu ija inali itathira sinowo pa Zingalume yense, ndi kanyimbo ka mabelu pamwamba.

Gogo wina wa m'komiti anafunsa ngati limenelo linali phulusa la lupsa.

"Ndi zokongoletsa chabe," anatero alamu. "Dikirani mpira."

Mpira tinaudikira. Kamera ija imatenga malo aakulu nthawi imodzi, choncho osewera ankaoneka ngati nyerere zothawa madzi. Woti n'kumuzindikira panalibe. Ndikathamanga, dziko lonse linkagwedezeka mpaka mayi wina anatuluka kuti akumva chizungulire. Ndikayang'ana wotchi, tinkaona wotchi. Ndikalavula, tinkaona kumene malovu apita. Ndipo pamwamba pa zonsezi pankamveka kupuma kwanga, kofanana ndi kwa ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Chigoli chachiwiri cha Tisauke, chokoma chija, chinaoneka ngati kadontho kakudutsa timadontho tina.

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Inenso ndinkaseka nawo, poti nanga n'kutani? Koma vidiyo itayandikira kumapeto, kuseka kwanga kunayamba kuuma. Ndinakumbukira kanthu.

"Alamu, apa mpokwanira. Anthu atopa."

"Iyayi!" anakuwa kapitawo wa timu ya Zingalume. "Tione ofusayidi ija!"

Tinaiona. Kapena ndinene kuti tinaona zimene ine ndinkaona pa nthawi imene mpira wautali uja unkaponyedwa. Chithunzi chinachoka pabwalo, chinatembenukira kumanja, n'kukaima pa beseni la zitumbuwa la mayi wina wogulitsa m'mbali mwa mzere. Chinaima pamenepo osagwedezeka, koyamba m'vidiyo yonse. Zitumbuwazo zinaoneka bwino kwambiri, zofiirira, sinowo ikugwera pamwamba. Ndiye panamveka mawu anga, omveka bwino ngati a pa wailesi:

"Mayi, mundisungireko ziwiri zotentha."

Kenaka phokoso la anthu, chithunzi n'kuzungulira mwaliwiro kubwerera kubwalo, mpira uli kale muukonde, anthu a ku Mlolo akukuwa kuti ofusayidi, ndi wezulo yanga. Pambuyo pake nkhope ya Tisauke, yokhayo imene inaoneka pafupi tsiku lonselo, ikufunsa ngati ndaona bwino. Ndi mawu anga aja.

 

Amene anayamba kulankhula ndi mayi a kunyumba kwanga. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ndiye chifukwa chake tsiku lija munati simukumva njala."

Wapampando wa komiti, a Mwale, anagamula kuti zotsatira za mpira sizisintha, koma ine ndipume kaye kuyimbira mpaka mpikisano uno utatha. Palibe anandiikira kumbuyo. Ngakhale alamu ankangopukuta laputopu ndi golovesi.

Tsopano ndikufunseni, inu amene mukuseka. Ndi angati mwa ife amene tafunsapo foni funso, n'kutiyankha za dziko lina, ife n'kumvera? Mnansi wanga wina anaonera vidiyo ya kamangidwe ka khola la nkhuku, n'kumanga lotseka mbali zonse, lopanda ndi kabowo komwe, monga amachitira kumene nkhuku zimafa ndi chisanu. Mwezi wa Okutobala utafika nkhuku zake zinkapuma ndi kukamwa, mpaka anagumula khoma ndi nkhwangwa. Si munthu wopusa ayi. Nkhuku wakhala akuweta kuyambira ali mnyamata. Koma zimene ankadziwa yekha anaziona zochepa pamaso pa munthu wolankhula Chingelezi chothamanga.

Foni sinatinamize. Malangizo aja ndi abwino ndithu kwa munthu amene akutsetsereka paphiri loyera. Cholakwa n'chakuti ife tinamva mawu akuti kuzizira, n'kuganiza kuti kuzizira konse ndi kumodzi. Ndipo mmodzi mwa ife, amene anaona kuti tasochera, anasankha kuoneka wodziwa m'malo mofunsa. Mayi wa m'sitolo uja anatipatsa nzeru yaulere, ife n'kumuyesa wakuba chifukwa anali ndi nkhope ngati yathu. Kodi munthu ayenera kukhala kutali bwanji kuti timukhulupirire?

Koma tibwerere m'kalasi muja, poti nkhani ya Tisauke inali isanathe. Kochi ankadikira vidiyo, ndipo imene tinali nayo inali ya zitumbuwa. Mtsikanayo anakhala pa desiki lakumbuyo atagwira tsaya. Masewera ena a timu yake anali kutali, ndipo kochi anali atanena kuti sabata ino akutseka mayina.

Anthu akuyamba kutuluka, amake Tisauke anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kafoni kong'aluka galasi.

"Kaya izi zingathandize," anatero. "Ine ndinangoti ndijambule zoti abambo ake akaone, poti miyendo yawo sinawalole kubwera."

Mayiwa anali atakwera pangolo imene inaima m'mbali mwa bwalo, chapakati, n'kutsamiritsa foni pa thabwa la ngoloyo kuti dzanja lisatope. Analibe nazo ntchito zoti mpira uli kuti. Ankatsata mwana wawo basi. Tisauke ankaoneka bwinobwino: mmene amaimira, mmene amapemphera mpira, mmene amatembenukira. Chigoli chachiwiri chija chinatuluka chonse, kuyambira pa munthu woyamba kudutsidwa mpaka goloboyi kukhala pansi. Pokhapo pamene chithunzi chinagwedezeka ndi pamene mwini foni ankaimba nthungululu.

Tisauke anadula yekha vidiyoyo ndi kapulogalamu kamene kanabwera ndi foniyo. Anachotsa poyambira pamene amake ankajambula msana wa munthu, n'kusiya zina zonse. Alamu anafunsa ngati angathiremo kanyimbo. Anthu atatu anayankha pamodzi kuti ayi.

Lachitatu kochi anaimba foni. Anati mtsikanayo apite. Anafunsanso kuti mkulu wovala tochi pamutu masanasana amene amadutsadutsa m'vidiyomo ndi ndani, koma amake Tisauke, Mulungu awadalitse, anati ndi mlendo.

Dzulo m'mawa ndinapita pa siteji ya minibasi pa boma. Ndinali ndisanagone bwino masiku atatu. Kunamiza komiti ndi nkhani ina, koma ine ndinanamiza mwana amene ndinkamukwapula ndekha akanama. Ndinamupeza atakhala pa chikwama chake, nsapato za mpira atazikoleka m'khosi. Ndinavula chipewa, chinthu chimene sindinachitepo pamaso pa mwana wa sukulu.

"Tisauke, mwana wanga, ndinakulakwira. Sindinaone kanthu. Ndinamva anthu akukuwa, ndinachita manyazi kuti ndinali nditayang'ana kumbali, ndiye ndinayimba. Ndinakulanda chigoli chako."

Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati amake ali pafupi. Anali patali, akukangana ndi kondakitala za malo a thumba la mbatata. Ndiye anatsitsa mawu.

"Aphunzitsi, musauze anthu a kwathu. Ndinalidi ofusayidi. Ndinali kutsogolo ndi mapazi awiri, ndinadziona ndekha."



"Nanga unandifunsiranji ngati ndaona bwino?"

"Chifukwa ndinakuonani mukuyang'ana zitumbuwa. Ndimafuna ndimve kuti munena chiyani."

Anandilola kulemba zimenezi pokhapokha minibasi itadutsa mlatho wotulukira pa boma, ndipo pamene mukuwerenga pano ali ku Chipata, kumene anthu a ku Zingalume sangamufikire msanga.

Ndinabwerera kunyumba wapansi, njinga ndikukankha. Panjira ndinkayesa kudzitonthoza kuti chigamulo changa chinali cholondola, kuti Mlolo sinaberedwe ndipo Zingalume sinaberedwe. Koma mtima unakana kutonthozeka. Mwana uja anandipatsa mayeso a funso limodzi, losavuta kuposa onse amene ine ndinamupatsapo, ndipo yankho lake linali mawu awiri okha: pepa, sindinaone.

Inu amene muli ndi wezulo yanu kwinakwake, kuofesi, kutchalitchi, kapena pakhomo panu pomwe, mawu awiri amenewa munawanena liti komaliza?